Sefa Yodziyeretsa ndi Moto: Mbiri ya Mwaye wa Dizilo

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, nkhani yathu ya lero iyambira m'khichini mwa agogo anu. Mukalowamo ndi kuyang'ana kudenga, mudzaona udzu ndi phaso zitada bii, ndipo zinthu zonga ulusi wakuda zirikulendewera. Umenewo ndi mwaye. Mwaye ndi tizidutswa ta makala tating'ono kwambiri, timene timatsala pamene nkhuni kapena mafuta sizinapse mokwanira. Aphunzitsi, musanapitirire, yatsani kandulo kapena koloboyi, mugwire mbale yoyera yacitsulo pamwamba pa lawi kwa kanthawi kocepa, kenaka muonetse ana. Citani zimenezi inu nokha, musapatse mwana moto. Banga lakuda limene lidzatsala pambalepo ndilo tikamba mbiri yake.

M'mizinda ya ku England, zaka mazana awiri ndi theka zapitazo, anthu ankaotha moto wa malasha, ndipo nyumba zao zinali ndi macumuni otulutsira utsi. Mwaye ukaculuka m'cumuni unkagwira moto, nyumba nkupsa. Popeza macumuniwo anali opapatiza, munthu wamkulu sankatha kulowamo, tsono ankatuma anyamata a misinkhu yanu yomweyi, ena ocepera pamenepo, kuti akwere m'kati ndi kupala mwayewo. Ambiri mwa anyamatawa anali amasiye kapena ana a anthu osauka. M'caka ca 1775 dokotala wina wa mu London, dzina lake Percivall Pott, analemba kuti amuna amene anagwira nchito imeneyi paubwana wao ankadwala khansa ya pakhungu, ndipo iye anati gwero la nthendayo linali mwaye wokanirira pathupi. Pott anali mmodzi wa madokotala oyamba kuonetsa kuti nchito imene munthu agwira ingathe kumdwalitsa khansa. Comvetsa cisoni ncakuti panapita zaka zana lathunthu, mpaka 1875, kuti lamulo lamphamvu lithetse mcitidwe wotuma ana m'macumuni. Pa nkhani ya anyamata amenewa musungepo zinthu ziwiri, pakuti tidzakumana nazonso: mwaye umadwalitsa, ndiponso mwaye umayaka.

Tsopano tiyeni ku Germany. Rudolf Diesel anabadwira mu Paris m'caka ca 1858, koma makolo ake anali Ajeremani, ndipo maphunziro ake a umisiri anawacitira ku Germany. Iye sankakondwa ndi mainjini a nthunzi a masiku amenewo, cifukwa ankadya malasha ambiri koma mphamvu yotulukamo inali yocepa. Maganizo ake mungawamvetse mutatenga mpope wa njinga. Popani mofulumira kambirimbiri, kenaka gwirani kunsi kwa mpopewo: mudzapeza kukutentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Diesel anati, ngati tipanikiza mpweya kwambiri zedi m'kati mwa injini, udzatentha kotero kuti tikathiramo mafuta adzayaka okha, popanda pulagi yothetheka moto monga m'injini ya petulo. Atayesa kwa zaka zingapo mumzinda wa Augsburg, injini yake inayenda bwino m'caka ca 1897. Inu a ku Chipata ndi ku Katete mudzakondwa kumva kuti pa cionetsero cacikulu ca mu Paris m'caka ca 1900, injini ina ya mtundu umenewu inayenda ndi mafuta a nsawa. Mwini wakeyo sanaone kukula kwa nchito yake. M'caka ca 1913 anakwera sitima yapamadzi yopita ku England, koma kutaca sanapezeke m'sitimamo.

Injini ya dizilo ndi yamphamvu ndipo siwononga mafuta. Ndiyo imayendetsa cigayo ca m'mudzi mwanu, thirakitala, basi, sitima ya TAZARA, ndi makina akuluakulu a m'migodi ya mkuwa. Dziko lathu linadziwa bwino kufunika kwa mafuta amenewa pamene boma la Ian Smith linadzilengeza lodziimira palokha mu Rhodesia m'caka ca 1965, ndipo njira ya kumwera imene mafuta athu ankadzera inatsekeka. Malole anayamba kunyamula migolo ya mafuta kucokera ku Dar es Salaam pa msewu wafumbi ndi matope, umene madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run cifukwa ca zoopsa zake. M'caka ca 1968 paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, inafika ku Ndola, ndipo m'caka ca 1973 fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inayamba nchito.

Koma injini imeneyi inabadwa ndi cilema cimodzi. Mafuta amapoperedwa m'mpweya wotentha uja nkuyaka nthawi yomweyo, asanasakanikirane bwino ndi mpweyawo. Pamene mafuta aunjikana ndipo mpweya wacepa, moto sumaliza nchito yake, ndipo cotsala ndi mwaye. Ndiwo utsi wakuda umene mumaona lole ikamakwera citunda itasenza matumba a cimanga. Tizidutswa tambiri ta mwaye wa dizilo ntocepa nthawi mazana angapo kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Ubweya wa m'mphuno sungathe kutichinga. Timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo.

Anthu anacedwa kuopa utsi. Kwa nthawi yaitali cumuni cofuka cinali cizindikiro ca citukuko. Cimene cinawadzidzimutsa ku Ulaya cinali nkhungu yosakanizika ndi utsi wa malasha imene inakuta London kwa masiku asanu mu Disembala 1952, nipha anthu zikwi zambiri. Kuyambira pamenepo maboma anayamba kupanga malamulo a mpweya wabwino, poyamba pa malasha, pambuyo pake pa magalimoto. Za dizilo, ciweruzo comaliza cinadza mu Juni 2012, pamene akatswiri a bungwe la World Health Organization loona za khansa, atakumana mumzinda wa Lyon ku France, ananena kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Umboni waukulu unacokera kwa anthu ogwira nchito pansi m'migodi ya ku America, kumene utsi ulibe kothawira. Amene muli ndi atate kapena amalume otsika pansi ku Mufulira kapena ku Chililabombwe, nkhani imeneyi si ya kutali.

Nanga utsi ungasefedwe bwanji? Yankho linacokera kwa oumba dothi. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya ku America yochedwa Corning inapeza njira youmbira dothi lapadera, locha cordierite, kuti likhale ndi timipata tambirimbiri tofanana ndi cisa ca njuci. Poyamba anacipangira magalimoto a petulo. Kumapeto kwa zaka zomwezo amisiri a kampaniyo anaganiza nzeru imene ine ndimaiona kuti ndi yokoma koposa m'nkhani yonseyi, pakuti ngakhale mwana wa Giredi 4 angathe kuimvetsa. Yerekezani mtolo wa mabango obooka. Bango loyamba mulitseke kumapeto, laciwiri mulitseke kukhomo, lacitatu kumapeto, lacinai kukhomo, mpaka mtolo wonse. Utsi ukalowa m'bango lotseguka kukhomo umapeza kuti kutsogolo kulibe njira. Ucita ciani? Uyenera kudutsa m'cipupa kulowa m'bango loyandikana nalo, limene ndi lotseguka kumapeto. Zipupazo ziri ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tonga timene madzi amathonyera pa mtsuko watsopano. Mpweya umadutsa, mwaye nkutsala. Sefa yabwino ya mtundu umenewu imagwira zigawo zoposa zisanu ndi zinai pa zigawo khumi za mwaye.

Apa mpamene mavuto enieni anayambira. Amai anu akasefa ufa, amagogoda sefa nkutaya zotsalira. Sefa ya m'paipi ya utsi iri pansi pa galimoto, yotsekeredwa m'citsulo, ndipo imadzaza galimoto itayenda makilomita mazana ocepa cabe. Ikadzaza, injini imabanika monga munthu amene atsekedwa pakamwa ndi nsalu. Palibe dalaivala amene angalole kuima mlungu uliwonse kuti amasule sefa. Njira inatsala imodzi yokha, ndiyo imene eni macumuni a ku England ankaiopa: kuyatsa mwayewo dala, kuti upse nusanduke mpweya. Pa Cingerezi nchito imeneyi amaicha regeneration, ndiko kunena kubwezeretsa cinthu mwakale.

Tsono tamverani manambala awa, ndipo aphunzitsi muwalembe pabolodi. Madzi amawira pa madigiri 100. Mwaye, kuti uyake bwino mumpweya, umafuna madigiri pafupifupi 600. Poto wa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660. Mkuwa wathu umasungunuka pa madigiri 1,085. Koma utsi wa galimoto ya dizilo yoyenda pang'onopang'ono m'tauni kawirikawiri sufika ngakhale pa madigiri 300. Mukuona vuto lake? Kutentha kukacepa mwaye suyaka ndipo sefa imatsekeka. Kutentha kukaculuka sefa imasweka. Amisiri anatha zaka pafupifupi makumi awiri akufunafuna njira yapakati.

Oyamba kuyesa poyera anali a kampani ya Mercedes-Benz. M'caka ca 1985 anaika sefa yadothi m'magalimoto ao a dizilo ogulitsidwa ku California, kumene malamulo a utsi anali okhwima. Anaiika pafupi ndi injini kuti izilandira utsi wotentha. Zinthu sizinayende bwino. Masefa ena anatsekeka, ena anang'aluka, ndipo zidutswa zake zinkaononga ziwiya zina za injini. Patapita zaka zocepa kampaniyo inawasiya, ndipo anthu ambiri anaganiza kuti nkhani ya sefa yathera pomwepo.

Tiime kaye pano kuti timvetse cifukwa cake sefa imasweka, pakuti pamenepa ndi pa mtima wa nkhani yathu. Amene munaonapo anthu akutentha makala mudziwa kuti amakwirira mulu wa mitengo ndi dothi, nasiya timabowo tocepa. Dothi likagumuka usiku, mpweya wambiri nkulowa, m'mawa mwini wake amapeza phulusa lokhalokha. M'sefa namonso moto umalamulidwa ndi mpweya. Galimoto ikamathamanga, utsi umatuluka wambiri ndiponso mofulumira, ndipo podutsa m'sefa umanyamula kutentha kwina nkupita nako kunja. Tsono tinene kuti mwaye wayamba kumene kuyaka, ndipo dalaivala waima pamphambano, injini nkumangolira pang'onopang'ono. Zinthu ziwiri zimacitika nthawi imodzi. Injini yongolira siidya mafuta ambiri, cotero utsi wake umakhala ndi okosijeni woculuka, amene ndiye cakudya ca moto. Komanso utsiwo umacepa, cotero palibe conyamula kutentha. Moto walandira cakudya cambiri koma cowuziziritsa cacoka. Ngati mwaye unali wambiri, kutentha m'kati mwa sefa kungapitirire madigiri 1,000, kuyandikira pamene mkuwa umasungunuka. Pakati pa sefa pamafutukuka, m'mbali mukali mozizira, ndipo dothi limang'aluka monga mphika woocedwa mbali imodzi. Nthawi zina limasungunuka kumene.

Phunziro limene amisiri anatengapo ndi lomwe akuluakulu oyang'anira nkhalango amatiuza caka ndi caka. Mukatentha chire msanga, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, moto umayenda pang'onopang'ono ndipo mitengo imapulumuka. Mukadikira mpaka Okutobala, moto umodzimodziwo umaononga zonse. Mwaye nawo uyenera kutenthedwa pang'onopang'ono ndiponso kawirikawiri, usanaunjikane.

Njira yoyamba yopambana inacokera ku kampani ya ku Britain ya Johnson Matthey, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Akatswiri ao anapeza kuti mpweya wina wochedwa nitrogen dioxide umatha kudya mwaye pa madigiri pafupifupi 250 okha. Anaika cisa cina kutsogolo kwa sefa, copakidwa pulatinamu, cimene cimasandutsa mbali ina ya utsi kukhala mpweya umenewu. Cotero mwaye umatha pang'onopang'ono ulendo uli m'kati, popanda moto waukulu. Pulatinamu ameneyu, tinene modutsa, wambiri amakumbidwa ku South Africa, ndipo wina ku Zimbabwe. Miyala ya m'cigawo cathu cino ndiyo imayeretsa mpweya wa m'mizinda ya ku Ulaya. Koma njirayi inali ndi mdani, ndiye sulufule wopezeka m'mafuta, amene amalepheretsa pulatinamu kugwira nchito. Ncifukwa cake inayamba kufala ku Sweden m'zaka za m'ma 1990, pakuti dziko limenelo linatsogola kugulitsa dizilo wa sulufule wocepa, ndipo mabasi a m'mizinda yake anali m'gulu la oyamba kuigwiritsa nchito. Ku Switzerland nako, kumene amaboola ngalande zazitali m'mapiri, anayesa masefa kwa zaka zingapo kuti ateteze anchito a pansi, mpaka anawalamula pa makina onse ogwira nchito m'ngalandezo.

Pa magalimoto ang'onoang'ono cipambano cinadza m'caka ca 2000, pamene kampani ya ku France ya Peugeot inatulutsa galimoto yochedwa 607. Iwo anasonkhanitsa nzeru zitatu. Anaika kathanki kakang'ono ka mankhwala okhala ndi cerium, amene amadonthezera m'mafuta ndi kucititsa mwaye kuyaka pa madigiri pafupifupi 450. Sefa anaipanga ndi silicon carbide, cinthu cimene cimapirira moto kuposa dothi lija. Cacitatu, ndiponso cacikulu, anapatsa kompyuta ya galimoto udindo woyang'anira motowo. Zitaoneka kuti nzotheka, maboma anakhwimitsa malamulo: ku America kuyambira 2007 pa malole atsopano, ndipo ku Ulaya kuyambira 2009 pa magalimoto ang'onoang'ono, malire a mwaye anatsitsidwa kotero kuti wopanga aliyense anayenera kuika sefa.

Galimoto yotere imadziwa bwanji kuti nthawi yakwana? Pali kacipangizo kamene kamayeza mphamvu ya utsi usanalowe m'sefa ndiponso utatuluka. Kusiyana kukakula, ndiye kuti sefa yadzaza. Kompyuta imawerenganso makilomita ndi mafuta amene apita. Ikaona kuti injini yatentha ndipo galimoto iri paliwiro labwino, imapopera timafuta tina mocedwa, timene sitiyaka m'injini koma timapita ndi utsi nkukapsera pa cisa ca pulatinamu cija. Utsi umatentha mpaka madigiri pafupifupi 600. Kompyuta siikweza kutentha nthawi imodzi. Imayamba pang'ono pamene mwaye uli wambiri, nkumaonjezera pamene ukucepa, uku ikufunsa zoyezera kutentha mosalekeza. Pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri sefa yayera, ndipo kawirikawiri dalaivala sadziwa nkomwe kuti pansi pa mpando wake panali ng'anjo.

Ngakhale zitero, moto ndi moto. Mu Marici 2007 kampani ya Ford inaitanitsa magalimoto ake atsopano a dizilo oposa 37,000 ku America, atamva kuti ena ocepa anatulutsa malawi kupaipi ya utsi, mafuta atadonthera m'sefa yotentha. Anakonza malangizo a m'kompyuta kuti izicepetsa mphamvu ya injini kutentha kukapyola muyeso. Ana inu, pamenepa pali cenjezo lanu. Lole yaikulu ikaima koma injini yake ikulira mokweza, mwina irikutentha mwaye. Utsi wake sungaoneke ndi maso, koma ungathe kukuochani miyendo. Musasewere kumbuyo kapena pansi pa galimoto, ndipo musagwire paipi yake ngakhale injini yazimitsidwa. Opanga magalimoto amacenjezanso madalaivala kuti asaimike galimoto yotentha paudzu wouma. Kwathu kuno, m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, cenjezo limenelo ndi lolemera, pakuti pafupi ndi udzu pali nkhokwe ndi madenga.

Magalimoto a masefa anafika m'dziko lathu mochuka monga magalimoto ogwiritsidwapo kale nchito, ocokera ku Japan ndi ku Britain. Anafika mafuta oyenerera asanafale. Kwa zaka zambiri dizilo woyengedwa kuno anali ndi sulufule wambiri, amene sagwirizana ndi masefa. Onjezeraninso maulendo afupiafupi a m'Lusaka, kumene galimoto imayenda pang'ono nkuima, injini nkuzimitsidwa isanamalize kutentha mwaye. Kanyali kocenjeza kamayaka, mphamvu imacepa, ndipo timafuta tija topoperedwa mocedwa timatsikira mu oilo nkumusungunula. Mankhwala a vuto lotere nthawi zambiri ndi ulendo wautali pa msewu wabwino, kapena makaniko wodziwa kulamula kompyuta kuti itenthe mwaye galimoto itaima pamalo opanda udzu. Koma eni magalimoto ena, atatopa ndi kulipira, amauza makaniko kuti aboole sefa ndi kutaya zam'kati. Ndimamvetsa kuwawa kwa m'thumba, koma sindingavomereze. Galimotoyo idzayendadi, ndipo mwaye wonse umene unkatsala m'sefa udzatulukira pamsewu, pa msinkhu wa mphuno ya mwana wopita kusukulu ndi wa mai wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Cowiringula ca mafuta cinacepa mphamvu m'caka ca 2023, pamene paipi ya TAZAMA inasiya kunyamula mafuta osayenga niyamba kubweretsa dizilo wa sulufule wocepa.

Patsala cinthu cimodzi cimene moto sungacotse. Mukatentha makala m'mbaula, makala amatha koma phulusa limatsala. M'sefa namo muli phulusa, locokera makamaka ku oilo wa injini amene amapsa pang'onopang'ono. Phulusa limeneli siliyaka pa madigiri 600, siliyakanso pa 1,000. Limaunjikana kumapeto kwa timipata tija caka ndi caka, malo osungira mwaye nkumacepa, ndipo galimoto imayamba kutentha sefa pafupipafupi. Pamapeto pake sefa iyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa ndi makina apadera, kapena kugula ina. Ncifukwa cake magalimoto otere amafuna oilo wa mtundu wake, wosiya phulusa locepa, ngakhale ali wokwera mtengo.

Aphunzitsi, m'kalasi mungathe kupanga cifaniziro ca sefa imeneyi ndi mabango asanu ndi limodzi, dongo lotsekera ndi luzi lomangira. Ana ajambule m'mabuku ao njira imene utsi umadzera, aonetse ndi muvi pamene ukudutsa m'cipupa. Amene amakhala pafupi ndi cigayo ca dizilo akapemphe cilolezo kwa mwini wake, aime patali, naone nthawi imene utsi umada kwambiri: polizitsa injini m'mawa, pothira cimanga cambiri, kapena pamene cigayo cikulira copanda kanthu. Abwere ndi mayankho ao Lolemba.